Anati Ndisawatchule

Bambo anga anachoka ku Katete kubwera ku Kafue kudzagwira ntchito ya njanji. Anabwera ndi bulangete limodzi, poto mmodzi ndi mwambo wothokoza, ndipo pa zitatuzi chimene sichinathe ndi mwambowo. Kwathu mwana ukalandira mbatata osawomba m'manja, mbatatayo inkabwerera komwe yachokera. M'mawa mwake unkayeneranso kupita kwa wokupatsa uja kukanena kuti zikomo za dzulo. Koma phunziro lalikulu linali ili: munthu akakuchitira zabwino n'kunena kuti "musavutike kunditchula," usamumvere. Umenewo ndi ulemu chabe. Iye watsiriza mbali yake pokana, iwe utsirize yako pomutchula pagulu, mokweza.

Sizinali za pakhomo pathu pokha. Mu Estates monse, dera la ku Kafue limene tinkakhala, kaya ndi pa ukwati, pa maliro kapena pa msonkhano wa makolo kusukulu, pamapeto pankaimirira munthu wothokoza, n'kutchula mmodzimmodzi onse amene athandiza. Azakhali anga anatha zaka ziwiri osalankhulana ndi mlamu wawo chifukwa pa ukwati wina nkhuku zawo sizinatchulidwe, chonsecho iwo omwewo ndi amene ananena ndi pakamwa pawo kuti asatchulidwe. Ndinakula ndikudziwa zimenezo. Pa sukulu ya pulayimale imene ndinkaphunzitsa, ntchito yothokoza inkagwera ine, chifukwa mawu anga ankamveka mpaka kumbuyo ndipo sindinkaiwala munthu. Ndinkanyada nazo. Lero ndikakumbukira kunyadako ndimafuna kudziwomba mbama.

Pasukulupo ndinalinso ndi kagulu ka ana kophunzira za nyama, mbalame ndi mitengo. Tinkakumana Lachitatu lililonse masana. Mafakitale adakali moyo, chaka chilichonse tinkabwerekedwa lole ndi dalaivala wake, ana n'kupita kukaona nyama. Kenako kunabwera boma latsopano, ndipo tinauzidwa kuti msika tsopano ndi womasuka. Tinavina, ineyo ndinavina kuposa anzanga. Posakhalitsa mabelo a salaula, zovala zakale zochokera kunja, anadzaza pamsika, nsalu yolukidwa m'tauni mwathu momwemo inasowa wogula, ndipo huta ya fakitale imene inkalira kutidzutsa m'mawa inayamba kudumpha masiku. Azibambo amene tinkawaona akutuluka ndi maovolosi anayamba kuswera pansi pa mitengo akusewera nsolo. Za lole zinathera pomwepo. Kagulu kanga kanatsala ndi chipepala chimodzi cha zithunzi za nyama, chong'ambika pakati, moti njovu inalibe chitamba.

Ndinaphunzitsa ndi chipepala chimenecho zaka zingapo. Ndinkaloza ndi ndodo, ana n'kumayankha ngati akuimba: mvuu, njati, mbidzi. Pakona panali nyama ina yofiirira, ya nyanga zopindikira kumbuyo, imene buku linkaitcha lechwe koma anthu a kumtsinje amati nanja. Ndinkawauza anawo kuti nyama imeneyi ndi yathu, imakhala m'madambo a mtsinje womwewu umene timamwa madzi ake. Ankandiyang'ana ngati ndikuwauza za kumwamba.

Mmodzi mwa ana amenewo anali mtsikana wa giredi sikisi, wochepa thupi, wosakonda kulankhula. Kwawo kunali nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Bambo ake ankakonza makina olukira nsalu, ndipo ngakhale ntchito inali itatha kalekale, tonse tinkawatchabe ba fitala. Atachotsedwa ntchito sanakhale nawo pa nsolo. Anapita ku Chanyanya, kudoko la asodzi, nagula bwato. Koma aliyense wochotsedwa ntchito anali atasanduka msodzi, ndipo nsomba sizinachuluke chifukwa chakuti anthu avutika. Patapita miyezi, akazi awo anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi dengu lovundikira chitenje. M'dengumo munali nyama youma, yakuda, yonunkhira utsi. Ankati ndi mbuzi. Tonse tinkavomera kuti ndi mbuzi.

Sindinama kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa, ndipo ndinkagula. Malipiro a uphunzitsi masiku amenewo sankafika pa nyama ya m'butchala. Lachitatu ndinkaloza nanja pachipepala n'kumauza ana kuti tiziisamala, Lamlungu ndinkaiviika m'madzi kuti ifewe. Ahedi athu ankagula, madikoni ankagula, anesi ankagula. Palibe amene anafunsapo kuti mbuzi yake ndi yotani yosakhala ndi fungo la mbuzi.

Tsiku lina madzulo ba fitala anabwera okha pakhomo panga. Anakana mpando, anakhala pa njerwa. Titapatsana moni anati, "Ba ticha, mwana akamba ati mulibe motoka yopeleka bana kuona nyama."

Ndinavomera.

"Motoka siifika kwamene zili. Kufunika bwato." Anapukuta manja pa mawondo, kenako anati, "Mwana wanga iyi nyama aiziba mu mbale chabe. Nifuna aione ili na mendo."

Ndinachita manyazi, koma chimwemwe chinaposa manyaziwo. Mawa lake ndinayamba kuyenda m'makomo kupempha thandizo, ndipo zimene ndinaona sabata imeneyo sindidzaziiwala, ngakhale zinathera poipa. Anthu amene analibe kanthu ndi amene anatithandiza. Bambo wina yemwe kale ankayendetsa galimoto ya fakitale, tsopano akunyamula amayi ogula nsomba pa kalole kake kokalamba, anati atitenga Loweruka popanda kulipira. Amayi a pamsika anakazinga zitumbuwa beseni lonse. Mlimi wina wa ku Shimabala, amene mwana wake anali m'kagulu kathu, anatumiza mbatata ndi nzimbe. Anyamata a tchalitchi cha Pentekosite chimene chinkapemphera m'kalasi mwathu Lamlungu anasonkhanitsa zigubu za mafuta ophikira zopanda kanthu, nazimanga ziwiriziwiri ndi chingwe kuti mwana aliyense avale m'khwapa, akagwa m'madzi ayandame. Asodzi awiri a ku Chanyanya anatibwereka maboti awo a matabwa chifukwa ba fitala anawapempha.

Tinanyamuka kukucha, m'nyengo yozizira, ana khumi ndi anayi atapanikizana pakati pa madengu onunkha nsomba. Tinafika kudoko dzuwa litangotuluka. Anyamata a Pentekosite awiri anabwera nafe, ndipo ana asanakwere anati ayambe amanga mizimu ya m'madzi. Anakuwa, anadzudzula, asodzi ataima n'kumaonerera. Pemphero litatalika, ba fitala anati, "Bana banga, fupikisani. Mphepo ikauka pa manzi apa siimvela Amen."

Iwo anatsogola pa bwato lawo, ife m'maboti pambuyo. Mtsinje umene ndinkauona tsiku ndi tsiku pa mlatho sindinkaudziwa. Tinasiya mtsinje waukulu n'kulowa m'timifuleni ta m'bango, topapatiza moti bango linkatikwapula kumaso. Ba fitala ankapalasa ataimirira, osatembenuka, akungoloza ndi chibwano. Apa pagona ng'ona, onani pomwe yakhwekhwereza mchira. Apa musadutse, pali mvuu ya mwana. Ndipo mvuuyo inatulukadi, inafwenthera madzi, n'kutiyang'ana ndi timakutu take tikugwedezeka. Mmodzi wa anyamata a Pentekosite aja anaiwala kudzudzula, anangogwira chigubu cha mwana amene anali naye pafupi. Nkhwazi inalira pamtengo wouma, ndipo ana amene ankaidziwa pa mbendera yokha anatsegula pakamwa.

Titayenda nthawi yaitali ba fitala anatikwezera dzanja kuti tiime. Anakankhira maboti m'bango, natiuza kuti aliyense atseke pakamwa. Tinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu, udzudzu ukutidya, ana akuyamba kunyinyirika. Ine ndinayamba kuganiza kuti tavutitsa anthu pachabe. Ba fitala anandiyang'ana n'kunong'ona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tinayamba ndi kumva. Kunali phokoso ngati la anthu ambiri akuwoloka madzi ofika m'mawondo. Kenako tinasendera pang'ono, bango linatha kutsogolo kwathu, ndipo padambo lodzaza madzi nanja zinali pomwepo. Sindinaziwerenge. Zinali zofiirira, pamimba poyera, zikudya udzu womera m'madzi, zina madzi atazifika m'mimba. Zamphongo zinali ndi nyanga zazitali kuposa za pachipepala changa. Akakowa ankayenda pakati pa miyendo yawo osaopa. Dzuwa linali kumbuyo kwathu, moti tinkaona ngakhale madontho akugwa pakamwa pa imene inali pafupi. Ine, mphunzitsi wa zaka khumi ndi ziwiri pantchito, amene ndinkaloza nyama imeneyi ndi ndodo Lachitatu lililonse, ndinali ndisanaionepo. Misozi inatuluka, ndipo sindinaipukute.

Mtsikana uja anali pa bwato la bambo ake. Ndinamumva akufunsa pansipansi, "Adadi, ni iyi?"

"Ni iyi," anatero.

Ba fitala anatisonyeza kachilumba ka udzu komwe zazikazi zimabisa ana, natiuza kuti madzi akamaphwa zimatsata msipu kulowera kumadzulo. "Izi zili na bana ine sini..." anatero, n'kulekera pomwepo. Mwana wina, wa mlimi wa ku Shimabala uja, anafunsa mokweza ngati nyamazi zimadyedwa. Ana onse anaseka. Amene sanaseke ndi mtsikanayo, bambo ake ndi ine. Kusekako kunadzidzimutsa nanja, ndipo zonse pamodzi zinathamanga, zikudumpha m'madzi, madzi akuthovoka mbali zonse, mpaka zinasanduka kamzere kofiira kutali. Ana anakuwa ndi chimwemwe. Pobwerera palibe amene anadandaula za udzudzu.

Titafika kudoko, ana akukwera lole, ba fitala anandiitanira pambali. Anati, "Ba ticha, chintu chimozi chabe. Osanitomola zina. Ku sukulu, mu malipoti yanu, kulikonse. Kambani chabe ati basozi ndiye banatipeleka."

Nditamva kuti akuti ndisawatchule dzina, ndinaseka. Ndinati, "Mwayamba ulemu wanu uja."

"Sinisobela, ba ticha. Nakamba zoona."

"Chabwino," ndinatero. Ndinayankha mmene timayankhira munthu amene wakana nshima koyamba, tikudziwa kuti kachiwiri asamba m'manja. Galu wamkota sakandira pachabe, koma ine ndinali nditakhuta nanja m'maso, ndipo makutu anga anali a bambo anga a ku Katete.

Ana anajambula zimene anaona, anapeka nyimbo, anasimba m'makomo mpaka makolo anatopa. Ahedi ataona kuti nkhani yamveka, anaganiza zoti pa tsiku la makolo kagulu kathu kaonetse ntchito yake, ndipo anaitana mkulu wina wochokera ku ofesi ya zanyama kuti adzakhale mlendo wolemekezeka. Nthawi imeneyo kunkamveka mphekesera yakuti a zanyama, mothandizidwa ndi azungu akunja, akulemba ntchito anthu a m'midzi odziwa tchire kuti akhale alonda a nyama. Mphekesera imeneyi inandilowa m'mutu. Ndinayamba kuwaona ba fitala atavala yunifolomu yobiriwira, akulandira malipiro pamwezi, dengu lija litapuma. Sindinawafunse. Ndinkafuna kuti chidzakhale chowadabwitsa.

Tsikulo linafika. Ba fitala sanabwere, anali kumtsinje. Akazi awo anabwera, nakhala pa benchi yakumbuyo. Mlendo analankhula nthawi yaitali. Anati boma lilibenso ndalama zochitira zonse, anthu azisamala okha chuma chawo, ndipo anatiyamikira kuti tachita ulendo popanda kupempha kanthu ku ofesi. Anthu anawomba m'manja. Kenako ahedi anandikodola kuti ndithokoze.

Ndinayamba bwino. Ndinatchula dalaivala, mwana wake anamwetulira mpaka m'makutu. Ndinatchula amayi a zitumbuwa mmodzimmodzi, nthungululu zinamveka. Ndinatchula mlimi, anyamata a zigubu, eni maboti. Nditafika pamapeto ndinaona mtsikana uja ataima pamzere ndi anzake, chojambula chake chili m'manja, akundiyang'ana. Ndinaganiza kuti akudikira kumva dzina la bambo ake. Mwana aliyense kholo lake latchulidwa, iye yekha apite kunyumba wopanda kanthu, chonsecho bambo ake ndi amene anachita zazikulu? Mtima wanga unakana. Lero ndimadziwa kuti maso amenewo ankandipempha kuti ndikhale pansi.

Ndinawatchula, dzina ndi mfunda womwe. Ndikanalekera pomwepo mwina zikanadutsa. Koma pakamwa panga pakatseguka pamakoma. Ndinati palibe njira ya nanja imene bambo amenewa saidziwa. Ndinati amadziwa kumene zimadya, kumene zimabisa ana, kumene zimalowera madzi akaphwa. Ndinati amatha kuzifika pafupi moti ukhoza kuziponya mwala, izo osadziwa. Ndinatembenukira kwa mlendo n'kunena kuti ngati boma likufuna anthu odziwa nyama, lisavutike kupita kutali. Anthu anawomba m'manja, koma kuwomba kwake kunali kochepa, ndipo ena anayang'ana pansi. Akazi a ba fitala anaimirira n'kutuluka. Ine ndinaganiza kuti achita manyazi ndi ulemu umene ndawapatsa.

Pa nthawi ya zakumwa mlendo anandipeza. Anali munthu waulemu, wolankhula mofatsa. Anatulutsa kabuku m'thumba n'kunena kuti, "Madamu, bantu ba so ndiye bamene tisakila. Bankala kuti?"

Ndinamuuza nambala ya nyumba. Poopa kuti angasochere, ndinamulandanso cholembera n'kumujambulira njira: mukadutsa thanki ya madzi mukhotere kumanzere, nyumba ya mpanda wa maluwa ofiira, pali mtengo wa mapeyala. Ndinajambula bwino kwambiri. Ndinali mphunzitsi.

Panapita masiku anayi. Ndikuweruka masana, mabuku ali kumutu, ndinaona galimoto ya boma itaima pa mtengo wa mapeyala. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndinati ntchito ija yabwera. Ndinafulumira kuti ndikalandire nawo zikomo. Nditayandikira ndinaona anthu ataunjikana, ali chete. Amuna a mfuti ankatulutsa matumba m'nyumba, n'kumakhuthulira pansi nyama youma. Wina anatuluka ndi mtolo wa misampha ya waya, yopindidwa mwaluso, ntchito ya manja a munthu amene anakonza makina zaka makumi awiri. Ba fitala anali kumbuyo kwa galimoto, atakhala pansi, manja ali m'maunyolo. Anandiona. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anangoti, "Mwachoma bwanji, ba ticha."

Galimoto inanyamuka.

Anawalanda bwato ndi maukonde, ndipo khoti linawapatsa zaka. Sindinganene kuti a zanyama analakwa. Nyama zija ndinaziona ndi maso anga, ndipo ndikudziwa kuti aliyense akanatchera waya bwenzi lero kulibe ndi imodzi yomwe. Chimene chimandiwawa n'chakuti mbale zimene nyamayo inkathera zinali zathu, koma m'galimoto munakwera munthu mmodzi. Mu Estates anthu anasiya kundipatsa moni. Amayi omwewo amene ankathamangira dengu lija ankati ndikadutsa, "Ni bamene aba, ba kapaso." Ankandiyesa kazitape wa boma, ndipo amenewo ndinkawamvetsa. Amene sindinawamvetse ndi ahedi. Patapita mwezi ofesi ya zanyama inatitumizira satifiketi yoyamikira kagulu kathu pamodzi ndi magalasi oonera kutali, ndipo iwo anaika satifiketiyo m'felemu n'kuipachika pamwamba pa mpando wawo. Munthu amene ankaitanitsa mwendo wathunthu mwezi ukatha. Anandiuza kuti ndisadandaule, lamulo ndi lamulo. Magalasiwo anawatsekera m'kabati, ndipo sanaonerepo nyama ina iliyonse kupatula mphemvu.

Mtsikana uja anabwera kusukulu sabata imodzi yokha, kenako mpando wake unakhala wopanda munthu. Ndinamva kuti akuthandiza mayi ake kugulitsa nsomba m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Ndinazengereza milungu itatu ndisanalimbe mtima kupita kunyumba kwawo. Ndinawapeza mayiwo akusesa pakhomo. Ndinagwada, ndinati, "Ba neba, nabwela kupepesa."

Sanasiye kusesa. Anati, "Oo. Nenze naganiza mwabwela kutiyamikila futi."

Ndinayesa kufotokoza za ntchito ya ulonda, za mwambo, za maso a mwana. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Banakuuzani kangati?"

"Kabili."

"Muntu akakamba kabili, ba ticha, si ulemu." Anasesa fumbi mpaka pa mawondo anga, ndipo ndinanyamuka.

Kagulu kaja sindinakathetse. Ana ankabwerabe Lachitatu, ndipo amene anapita ulendo uja ankasimbira atsopano mmene nanja zimathamangira m'madzi. Koma kumtsinje sitinapitenso. Palibe msodzi wa ku Chanyanya amene akanalola mphunzitsi wa pakamwa ngati ine kukwera bwato lake. Ena mwa ana aja, lero ndi azibambo ndi azimayi, amandiimitsa pamsika n'kundiuza kuti tsiku limene lija ndi limene amakumbukira pa sukulu yonse. Amandithokoza. Inenso tsikulo ndimalithokozabe, sindingathe kulichotsa mumtima. M'moyo wanga wonse sindinalandirepo mphatso yoposa m'mawa umene uja, ndipo sindinabwezepo moipa chotero.

Ba fitala anatuluka m'ndende akutsokomola. Anali atatha, khosi lokha. Ndinkawaona atakhala padzuwa pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo ndinkazungulira njira ya kuseri kuti ndisadutse pamenepo. Ndinkadziuza kuti ndipita mawa. Mvula isanagwe kawiri, anamwalira.

Ku maliro a mnansi sujomba, ngakhale utakhala kuti ndiwe unakumba dzenje. Ndinagula thumba la ufa, ndinalipereka kukhitchini kudzera kuseri, n'kukakhala pakona pakati pa amayi amene sankandidziwa. Pa tsiku loika, titabwerako kumanda, mkulu wina wa kubanja anakonzeka kuimirira kuti athokoze anthu monga mwa mwambo. Ndinamulondola msanga pafupi ndi khomo, ndinagwada, n'kumunong'oneza kuti za ufa uja asanene. Anamwetulira n'kunena kuti, "Aa, amayi, ulemu wanu taumva."

"Si ulemu," ndinatero. "Napapata, osanitomola."

Namfedwa, mkazi wa ba fitala, anali atakhala pamphasa m'kati mwa khomolo, mwana wake wamkazi ali pambali pake. Anali atamva zonse. Anadzutsa mutu, nayang'ana mkulu uja, osati ine.

"Batomoleni," anatero. "Zina yonse. Mukweze mau, bamve na ba kumbuyo."

Mkuluyo anaimirira. Anathokoza a tchalitchi, anathokoza asodzi amene anabwera pa njinga kuchokera ku Chanyanya, anathokoza dalaivala amene ananyamula bokosi. Kenako anatchula dzina langa ndi mfunda womwe, nati aphunzitsi a kagulu ka zanyama, amene atithandiza ndi ufa. Palibe amene anawomba m'manja. Anthu onse pabwalo paja anatembenuka kufunafuna pomwe ndakhala, ndipo anandipeza.